Kodi pampu ya petulo ya kwadi ndingaisamutsire pamwamba?

Bambo wina wa ku Thyolo watilembera motere: "Akulu, ndine mlimi wa nthochi ndi makademiya kufupi ndi Makwasa. Chaka chatha ndinagula kwadi, njinga yamoto ya matayala anayi ija, yogwiritsidwapo kale ntchito, yochokera ku Joni. Ndi ya kabuleta. M'mawa imalira bwinobwino, koma ikatentha, makamaka ndikamakwera chitunda nditasenza katundu, imayamba kutsokomola kenako n'kuzima. Ndikaidikira pang'ono imaliranso. Nthawi zina imazimanso ndikamawoloka kamtsinje ka kumunda. Pampu yake ya petulo ili m'munsi pafupi ndi paipi ya ekizozi, ndipo imakhala ili matope okhaokha. Ilibe mawaya, ili ndi timapaipi titatu basi. Makanika wina akuti tiikweze pa kaliyala wa kutsogolo, wina akuti tiitaye tiikepo yamagetsi ya galimoto. Ndimvere uti?"

Zikomo bambo. Mtima ukhale m'malo, injini yanu sinafe. Injini yomwe imalira bwino m'mawa, n'kudzukanso yokha ikapuma, kawirikawiri vuto lake limakhala la ndalama zochepa. Koma pa amakanika awiriwo, musamvere aliyense pakadali pano. Pampuyo itha kusamutsidwa ndithu, kungoti ulendo wake ndi waufupi, sikuti mpaka pa kaliyala ayi. Komanso sitinatsimikize n'komwe kuti wolakwa ndi pampuyo.

Mwandithandiza kwambiri ponena kuti ilibe mawaya koma timapaipi titatu. Imeneyo ndi pampu yoyendetsedwa ndi mpweya wa injini, yofanana ndi imene imapezeka pa Suzuki King Quad 300 ndi Polaris Sportsman 500 za kabuleta. Kapaipi kamodzi kamachokera ku thanki, kachiwiri kamapita ku kabuleta (kachipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya), ndipo kachitatu sikanyamula petulo ayi, kamachokera ku injini. Pisitoni ikamakwera ndi kutsika, mpweya wa m'kapaipi kachitatuka umakoka n'kutaya, kukoka n'kutaya. M'kati mwa pampu muli kalabala kopyapyala kamene kamagunda motsatira mpweyawo, ndi timavalavu tiwiri tolola petulo kupita njira imodzi yokha. Basi, pampu yonse ndi imeneyo. Mphamvu yake ndi yochepa, ma psi (muyeso wa mphamvu yokankha) ochepa chabe, ongokwanira kudzaza kambale ka pansi pa kabuleta.

Ndiye taganizirani zimene zichitike mukaikweza pa kaliyala. Kapaipi ka mpweya kaja, kamene pano mwina ndi kotalika ngati chikhatho chimodzi kapena ziwiri, kafunika kufika pafupifupi mita. Kugunda kwa mpweya kumathera m'njira: mpweya umapanikizika m'paipi yaitaliyo, labala wa paipi nayenso amafufuma n'kumeza gawo lina, ndipo chofika pa pampu chimakhala chotsalira. Choipa china n'chakuti mpweya umenewu umafooka kale pamene mwatsegula moto wonse pa chitunda, nthawi yomwe injini ikufuna petulo wambiri. Ndiye mudzakhala mwaonjezera vuto pamalo pomwe pali kale vuto.

Kwinaku, pampu ili pamwamba pa thanki imayenera kuyamwa petulo kuti akwere. Zili ngati kumwa thobwa ndi bango lalitali: pakangokhala kabowo kakang'ono pa bangolo, mumangoyamwa mpweya. Kalumikizidwe kalikonse kosamanga bwino kadzalowetsa mpweya, ndipo njinga ikagona masiku angapo petulo adzabwerera ku thanki, m'mawa mudzapukusa sitata mpaka batire kutha. Osaiwalanso kuti pa kaliyala ndi pomwe mumamangirira matumba a feteleza ndi mikoko ya nthochi, ndipo njinga ikagubuduka, kaliyala ndiye amayamba kugunda pansi. Paipi ya petulo sindingaiike pamenepo ngakhale pampu itakhala yamphamvu bwanji.

Tsopano tibwere ku matenda enieniwo, chifukwa m'kalata mwanu ndikuona matenda awiri, ndipo ndikukayika ngati ali pachibale.

Tiyambe ndi kuzima mu mtsinje, poti ndiye kosavuta. Pampu ya mtundu uwu siopa madzi kwenikweni. Ndi yotsekeka, ndipo ngakhale zina zili ndi kabowo kopumira kamene matope amatha kutseka, kungonyowa sikuizimitsa nthawi yomweyo. Chimene chimazimitsa makwadi ambiri m'madzi ndi timapaipi topumira ta kabuleta, tija timalendewera pansi pa injini osalumikizidwa kulikonse. Ambiri amatiyesa totsalira. Nsonga zake zikamira m'madzi kapena zikatsekeka ndi katondo, kambale ka kabuleta kamalephera kupuma, petulo sakweranso ku majeti (timabowo totulutsa petulo m'kabuleta), injini n'kuzima ngati mwathimitsa kiyi. Titsukeni, ndipo topumirato tikwezeni nsonga zake zikathere pansi pa mpando kapena pafupi ndi chiwongolero, zitapindikira pansi kuti mvula isalowemo. Kotayira petulo wosefukira kokha ndiko kazikhala kolozabe pansi. Mukatero muyang'anenso kapu ya pulagi. Ikang'aluka, madzi akangowaza moto umathawira pambali. Yesani madzulo kukuda: injini ikulira, wazani timadzi pa waya wa pulagi, muona tizing'aning'ani ngati pali vuto. Tsegulaninso bokosi la sefa ya mpweya muone ngati pansi pake pali madzi.

Kuzima pa chitunda ndiko kumafuna kuleza mtima, ndipo kuyesa kwake muchite pomwe yazimira pomwepo, osati kunyumba itazizira. Yendani ndi sikuludiraiva, kabotolo koonekera m'kati, kansanza ndi madzi akumwa.

Ikangozima, choyamba tsegulani chivundikiro cha thanki pang'onopang'ono khutu lili pafupi. Mukamva kuti "fyuu", mpweya ukulowa, ndipo njinga n'kulira mosavuta, ndiye kuti kopumira ka thanki n'kotseka. Petulo akamatuluka mpweya uyenera kulowa m'malo mwake, apo ayi thanki imagwira petuloyo ndipo kapampu kofooka ngati aka sikangalimbane nayo. Ndaona pampu zabwinobwino zambiri zikutayidwa chifukwa cha kapaipi kopumira kodzadza dothi, kena kotsekedwa ndi tizilombo tija timamanga zisa za matope m'mabowo.

Ngati thanki ikupuma bwino, ikani kabotolo kunsi kwa kapaipi kotayira, patali ndi ekizozi yotenthayo, mumasule kasikulu ka pansi pa kambale ka kabuleta. Apa ndiye pagona yankho lonse. Kukatuluka timadontho tochepa, kambale kanauma, ndiye kuti petulo sakufika, ndipo tili ndi chifukwa chokayikira pampu, sefa ya petulo, tapu ya pa thanki kapena mapaipi. Koma petulo akatuluka wambiri, pampu isiyeni, ilibe mlandu. Pamenepo yang'anani moto wa pulagi nthawi yomweyo. Koilo kapena kabokosi ka CDI (zimene zimapereka moto ku pulagi) kokalamba kamagwira bwino kakazizira n'kufa kakatentha, ndipo zizindikiro zake n'zofanana ndendende ndi zimene mwafotokoza. Mavalavu a injini othina nawonso amachita chimodzimodzi. Yang'anitsitsaninso petulo wa m'kabotoloyo: mukaona timadzi tatsikira pansi kapena zinyalala zofiirira, mwapeza vuto lina.

Kambale kakapezeka kouma, nyowetsani kansanza kaja mukulunge pampu ndi paipi yochokera ku thanki kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Ikalira msanga kusiyana ndi mmene imachitira mukangoidikira, ndiye kuti kutentha ndiko kukukuvutitsani, ndipo makanika woyamba uja anaona zoona ngakhale mankhwala ake ndi olakwika. Petulo sali ngati madzi amene amadikira madigiri 100. Zina mwa zimene zili m'petulo zimayamba kuwira pa madigiri 35 mpaka 40, ndipo kumbali imene pampu ikuyamwa amawira msanga kuposa pamenepo. Pa chitunda mumayenda pa giya yotsika, mphepo yoziziritsa palibe, ekizozi yafiira, kunja ndi dzuwa la Okutobala. Petulo amasanduka nthunzi m'paipi, ndipo kalabala kaja kamangogunda nthunziyo osakankha kanthu. Matope omwe mwanenawo amaonjezera: katondo wa ku Thyolo akaumira pa injini ndi pa pampu amasunga kutentha, sachoka ndi mvula, amafuna burashi.

Musanagwire sipanala, pali nkhani ya petulo wathu. Kuno ku Malawi petulo amasakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982, wochokera ku zotsalira za nzimbe, ndipo masiku ano amapangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Injini imamuwotcha bwinobwino, koma labala wakale samukonda. Mapaipi amauma n'kung'aluka, ena amafewa n'kumayoyoka m'kati, ndipo kalabala ka m'pampu kamalimba n'kusiya kugunda mokwanira. Ethanol amakokanso chinyontho, ndipo chinyontho kwanuko sichisowa, dzinja lonse kenako chiperoni cha mu Juni ndi Julaye. Tikaonjezapo petulo wa m'zigubu amene tonse timathamangira mafuta akasowa, ndiye kuti njinga yakale ngati yanu ikuyenera mapaipi atsopano ndi sefa yatsopano, kaya pampu isamuka kaya ayi. Petulo wa m'chigubu muzimusefa pa kansalu koyera pothira.

Pampuyonso iyeseni payokha. Chotsani paipi yopita ku kabuleta muilozetse m'botolo, chotsani kapu ya pulagi muiike patali, mupukuse sitata. Petulo azituluka motumphatumpha mwamphamvu, osati kudontha. Kenako solorani kapaipi ka mpweya kaja mukanunkhize. M'menemo simuyenera kukhala petulo. Mukapezamo petulo, kalabala kabooka, ndipo petuloyo wakhala akulowa mu injini kudzera njira yolakwika. Yang'anani oyilo: ngati wachuluka kuposa mmene munathirira, wapyapyala, ndipo akununkha petulo, musailizenso njingayo mpaka mutasintha pampu ndi oyilo yemwe. Oyilo wotero amadya mabering'i mwakachetechete. Pampu yobooka kuisamutsa n'kutaya nthawi.

Tinene kuti zonsezi mwachita, pampu ndi yamoyo, ndipo kutentha ndiko kwatsala. Yambani ndi chotchipa. Makwadi ambiri amachoka ku fakitale ali ndi kachitsulo kotchinga pakati pa ekizozi ndi zinthu za petulo, ndipo njinga ikadutsa m'manja ambiri kachitsuloko kamasowa. Muona timabowo ta mabawuti topanda ntchito pa ekizozi kapena pa felemu. Dulani kalata ka aluminiyamu muike pakatipo, kasakhudze ekizozi kapena pampu, mbali zonse pakhale mpata wa chala kuti mphepo izidutsa. Mpatawo ndiwo umagwira ntchito. Nthawi zambirinso mupeza kuti si pampu imene ikutentha, koma paipi yomwe wina anaidutsitsa molakwika n'kumagona pafupi ndi silinda. Kuibwezera njira yake kumathetsa nkhani.

Zikakanika ndiye samutsani. Malo amene mukufuna ali chonchi: mbali ya felemu yomwe kulibe ekizozi, kapena pansi pa mpando pomwe matayala saponyako matope, pafupi ndi injini ndithu. Ine ndimafuna kuti pakati pa ekizozi ndi chilichonse chonyamula petulo pakhale masentimita osachepera 15, ndipo kapaipi ka mpweya sindikalola kupitirira masentimita 30 kapena 40. Kakafupika kuposa pamenepo ndi bwino kwambiri.

Pa kukwera kwa malo oikapo pampu pali mfundo ziwiri zokokana, ndipo apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka. Pampu ikhale pamwamba pang'ono pa malo amene kapaipi ka mpweya kamalowera mu injini, kuti kapaipiko kazitsetsereka kubwerera ku injini popanda kukhota ngati uta wolozetsa pansi. Nthunzi ya oyilo kapena ya petulo imasonkhana pokhota potero, ndipo timadontho tikadzaza pamenepo kugunda kwa mpweya kumafa. Koma pampu yomweyo isakwere kwambiri kuposa potulukira petulo pa thanki, kuti isamavutike kuyamwa thanki ikatsala pang'ono. Ndiye malo abwino amakhala kampata kochepa pakati pa ziwirizi. Imikani njinga pamalo osalala, muyeze ndi maso muli chogwada, musanadule paipi iliyonse. Kumbukiraninso kuti pa chitunda petulo amathawira kumbuyo kwa thanki, choncho kuyesa komaliza muchite thanki ili ndi petulo wochepa, osati yodzadza.

Kapaipi ka mpweya kakhale ka labala wokhuthala wolimba, kosati n'kuphwatalala mukakafinya ndi zala ziwiri. Mapaipi oonekera m'kati aja amagulitsidwa pa mita m'misika, a madzi kapena a mpweya, ayi ndithu. Petulo amawaumitsa m'miyezi yochepa, akatentha amafewa n'kuvuka. Kapisi kakafupi ka paipi yotero n'kothandiza poyesa pokha, kuti muone ngati mukudutsa thovu, kenako muchotse. Kwa ogulitsa zipangizo za galimoto ku Limbe funsani paipi ya petulo yolembedwa SAE J30R7 m'mbali mwake, ndipo mutenge kachidutswa ka yakale kuti muyerekeze kukula. Zambiri zimakhala za mamilimita 6 kapena 8 m'kati. Polumikizira paliponse pakhale kilipi yeniyeni. Waya wopotokola ndi pulayazi amadula labala, ndipo mphira wa chubu amasungunuka ndi petulo.

Buraketi yake ipangeni ndi kachitsulo kokhuthalako, imangidwe pa bawuti yomwe ilipo kale, ndipo pakati muike timawashala ta labala kuti pampu isamanjenjemere limodzi ndi injini. Felemu musaiboole, ndi mapaipi opyapyala ndipo ming'alu imayambira pa bowo. Owotcherera apangire buraketiyo pa benchi pawo, kutali ndi njinga. Musalole munthu kuyatsa moto wa welodini pa kwadi thanki ili pomwepo, ngakhale atanena kuti wakhuthula petulo yense. Thanki yopanda kanthu ndiyo imaphulika, chifukwa imadzala nthunzi. Sefa muike pakati pa tapu ndi pampu, muvi wake uloze ku pampu, pamalo pomwe mutha kuiona osamasula mapulasitiki. Musanavule mapaipi akale, jambulani ndi foni. Pa pampu pamakhala timivi kapena zilembo zosonyeza kolowera ndi kotulukira, koma matope amazibisa.

Mukamaliza, pindani chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse, wina akwere adumphedumphe kuti mashoko atsike, mubwezere mpando mukhalepo. Onani ngati pali paipi ikukokeka, ikupanidwa kapena ikukhudza chitsulo chakuthwa. Mpando umakonda kufinya paipi munthu akangokhalapo, ndiye njinga imalira bwino ili payokha n'kumazima mukakwera, munthu mpaka kuganiza zina.

Za makanika wachiwiri uja. Pampu ya galimoto za masiku ano imakankha pafupifupi ma bar atatu, kupitirira ma psi 40, pomwe kabuleta imafuna ma psi awiri mpaka anayi. Kasingano kotseka petulo m'kambale sikangaimitse mphamvu yotero. Petulo adzasefukira pa injini yotentha, wina n'kutsikira mu silinda mpaka mu oyilo. Imeneyo ikaneni osanyengerera. Ilipo pampu ina yamagetsi yaing'ono, yopangidwira makabuleta, ija imalira kuti "ti-ti-ti" mukatsegula kiyi. Imeneyo imatheka ngati pampu ya mpweya yasowa, koma malamulo ake ndi osiyana. Imakankha bwino koma siyamwa bwino, choncho imafuna kukhala m'munsi mwa thanki, pafupi nayo, sefa ili patsogolo pake, kutanthauza kuti mwabwereranso kumatope komwe mukuthawa, tsopano muli ndi mawaya oti azichita dzimbiri. Ifunika fyuzi yakeyake pafupi ndi batire, idutse pa relay (kaswichi koyendetsedwa ndi magetsi) yoyatsidwa ndi kiyi, ndipo bowo la mpweya pa injini litsekedwe bwino.

Ineyo pa njinga ya kumunda ndimakondabe ya mpweya, pa zifukwa ziwiri. Injini ikazima nayo imaima. Yamagetsi yongolumikiza ku kiyi imapitiriza kupopa ngakhale njinga itagubuduka inu muli pansi pake, ndipo m'mitsetse ya ku Makwasa kapena ku Thekerani kugubuduka si nkhani yachilendo. Chachiwiri, batire ikafa muli kutali, kwadi yokhala ndi chingwe chokoka imalirabe ndi pampu ya mpweya, pomwe yamagetsi imakusiyani mukuyenda wapansi.

Kwa ena amene mukuwerenga muli ndi makwadi opanda kabuleta, a injekishoni, monga Yamaha Grizzly 700, zonsezi si zanu. Pampu yanu ili m'kati mwa thanki, imaziziritsidwa ndi petulo yemweyo, ndipo siyosamutsa. Choipha ndi kuyenda thanki ili pafupi kuuma ndiponso petulo wauve. Ina monga Honda Rancher 420 yoyambirira ili ndi pampu kunja kwa thanki, koma mphamvu ya m'mapaipi ake ndi yaikulu moti paipi wamba ndi kilipi wamba sizingapirire. Imeneyo ipite kwa munthu wokhala ndi geji yoyezera mphamvu ya petulo.

Pogwira ntchito yosamutsa pampu ndi kusintha mapaipi, bambo, njinga ikhale panja, injini itazizira, tapu itatsekedwa, waya wa negetivi wa batire utachotsedwa. Mbaula, fodya ndi ana zikhale kutali, ndipo pafupi pakhale ndowa ya mchenga, chifukwa moto wa petulo ukathiridwa madzi umangofalikira. Musayamwe paipi ndi pakamwa kuti petulo abwere. Matapu ena ali ndi malo olembedwa PRI omwe amatsitsa petulo injini isanalire, ndipo ngati yanu ilibe, kupukusa sitata pang'onopang'ono mopumira kumakwanira. Wina akameza petulo mwangozi asadzisanzitse, chifukwa akalowa m'mapapo ndi pomwe amavulaza. Apite kuchipatala msanga.

Pitani nayo kwa makanika wodziwa njinga zazikulu ngati kambale ka kabuleta kakupezeka kodzadza koma njinga ikuzimabe, ngati moto wa pulagi ukusowa ikatentha, ngati oyilo akununkhabe petulo mutasintha pampu, kapena ngati mwaika chala pa bowo la mpweya la pa injini ikupukusidwa ndipo simukumva kugunda kulikonse. Chomalizachi chimaloza ku labala wong'aluka wa pakati pa kabuleta ndi injini, kapena ku injini yotopa, ndipo pamafunika kuyeza kompuresheni (mphamvu imene pisitoni imapanikizira mpweya) ndi mipata ya mavalavu. Mukamapita mutenge kabotolo ka petulo munakhetsa pa chitunda kaja, ndipo muwauze kuchuluka kwa amene anatuluka.